Magetsi a M'kalavani Yosayenda

Kalavani ija, kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, ndinaigula kwa mzungu wina wokalamba wa mumsewu wathu womwewo ku Leeds, chaka chimene mwana wathu wamkazi anatha msinkhu. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti ndi ya holide, tizikagona m'mbali mwa nyanja nyengo yotentha ngati mmene amachitira eni dziko. Anzanga a kutchalitchi anandiseka kwabasi. Ankati chizungu chandilowa m'mafupa, chatsala n'kugula galu womuveka juzi. Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkadziwa kuti kalavaniyo nyanja sidzaiona. Ndinaigulira amalume anga, kuti atuluke m'nyumba mwanga popanda ine kutsegula pakamwa kuwauza kuti atuluke.

Amalumewa ndi alongo awo a mayi anga. Ndi amene anandisunga ku Limbe pamene ndinali kusekondale, iwo ali kalaliki kunjanji, ndipo ndi omwewo anaima ngati ankhoswe pa ukwati wanga. Ku Mangalande kuno ndinayamba kufika ndine, kudzaphunzira, ndipo nditamaliza ndinapeza ntchito yokonza makina m'chipatala. Iwo anabwera pambuyo, ntchito ya kunjanji itatha, imvi zili mbuu. Anapempha boma kuti liwalole kukhala, nkhani yawo n'kumangokokedwa chaka ndi chaka. Ankakhala ku Hull m'nyumba imodzi ndi anyamata ena achimalawi, akumapeza timaganyu tonyamula makatoni. Mwini nyumbayo ataigulitsa, anyamata aja anabalalika, amalume n'kundiimbira foni. Sanapemphe kalikonse. Anangonena kuti nyumba yagulitsidwa, kenako anayamba kufunsa za sukulu ya mdzukulu wawo. Loweruka lake ndinakawatenga, iwo ndi masutikesi awo ndi kawailesi.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri zogona, bafa ndi chimbudzi zili pamodzi pamwamba pa masitepe. Amalume tinawapatsa chipinda cha mwana, mwanayo n'kumagona pamatiresi pansi, kuchipinda kwathu. Tinkati ndi za milungu yochepa chabe. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma anaiwala kutiuza za mlendo amene alibe kopita. Nyengo yozizira inadutsa, yotentha inabwera n'kupita, mitengo inayambanso kuyoyola masamba, amalume ali pompo.

Ndikanakonda akanakhala munthu wovuta. Munthu wovuta umamuchotsa mtima uli mbee, n'kukagona tulo tabwino. Koma amalume ankadzuka m'mamawa, kusita malaya, kumanga tayi ngakhale kopita kulibe, n'kutsuka mbale zonse mpaka mkazi wanga kuchita manyazi. Pamasitepe ankayenda monyang'ama. Wailesi ankaitsegula chapansipansi, khutu ataligunditsa pasipika. Nthawi zina ufulu wawowo unkandipsetsa mtima kuposa mmene phokoso likanachitira, ndipo ndikapsa mtima chotero ndinkadzida ndekha.

Amene ankasenza mtolo weniweni anali mkazi wanga. Iye ankagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ambiri a usiku. Kwa iye amalume ndi apongozi, ndipo apongozi sukumana nawo pamasitepe opapatiza utavala zogonera. Ankafika m'mawa miyendo itatupa, akufuna kuponya nsapato uko n'kudzigwetsa pasofa, n'kupeza pasofapo pali apongozi ndi tayi wawo. Ndiye ankamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, kugwada, kupereka moni. Amalume ankamuletsa, amvekere, "Mayi, kuno ndi ku Ulaya, musamavutike." Koma ulemu wa mkazi wanga unali m'mawondo, sunkamva zoti tinasamuka.

Mwana atatha msinkhu, nkhani inafika pothina. Tinaikambira m'galimoto, panja pa sitolo yaikulu, chifukwa m'nyumba munalibenso malo olankhulira zathu.

"Bambo ake, mwanayu wakula. Simukuona?"

"Ndikuona."

"Ndiye namwali azigonabe kumiyendo kwa bambo ake? Kwathu munazionapo zimenezi?"

"Ndiwauze apite kuti? Akagone pasiteshoni ya basi?"

"Sindinati apite. Ndati mwana wakula. Amalume ndi anu, ine sindingawauze kanthu."

Ndinamenya chiwongolero, hutala n'kulira, mayi wina wokankha ngolo ya zogula n'kutiyang'ana moipidwa. Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera kumuuza munthu amene wachezera usiku wonse akutembenuza agogo a eni. Chinandipweteka n'chakuti ankanena zoona. Tinaganizapo zoti ife tizigona pabalaza, koma pabalaza pathu ndi pomwe panali njira ya kukhitchini, ndiye kuti amalume akanamadutsa pamitu pathu pokatunga madzi akumwa. Nyumba yaikulu sitikanaikwanitsa. Mlungu womwewo ndinaona chikwangwani pakalavani ya mzungu uja, chonena kuti ikugulitsidwa.

Tinaikankha ndi anzanga n'kuiimika pakampata ka pambali pa nyumba, moyang'anana ndi chitseko cha kukhitchini. Inali ngati zija ankagonamo anthu okonza misewu kwathu, yoyera koma yothimbirira, makatani ake a maluwa ofiirira. Mkati munkanunkha chinyezi. Munali mabenchi awiri oti ukawalumikiza amasanduka bedi, kasinki, ndi kakabati koti ungapachikemo majekete angapo. Mzungu uja sanandibisire, anandiuza kuti magetsi ake anafa kalekale.

Nditatukula benchi ndinapeza chimene chinawapha. Pansi pake pamakhala kabokosi kachitsulo kamene amati konveta. Ntchito yake n'kulandira magetsi amphamvu ochokera m'nyumba n'kuwafewetsa kuti afanane ndi a batire ya galimoto, chifukwa nyali za m'kalavani ndi pampu ya madzi zimadya magetsi ofewa oterowo. Pambali pake pali bolodi la mafyuzi, pamene mawaya amagawikira kupita ku chinthu chilichonse. Konvetayo inali itapsa, ikununkha ngati pulasitiki yogwera pambaula, ndipo bolodi linali litasungunuka pakona imodzi. Ndinakagula zatsopano zonse ziwiri kusitolo ya zamakalavani kunja kwa mzinda. Ndinagulanso chingwe chachitali cha mtundu wa lalanje chotengera magetsi m'nyumba, kanyali kowerengera, ndi hita yotenthetsera m'chipinda. Hitayo ndinaibisa pansi pa benchi linalo, ili m'katoni yake, ngati munthu wobisa mowa.

Loweruka masana, mkazi wanga akugona ndipo mwana atapita kwa mnzake, ndinazemba ndi bokosi langa la zipangizo. Ndinkafuna kugwira ntchitoyo ndekha. Ndisanamasule ngakhale waya mmodzi, kalavani inagwedezeka, amalume n'kusuzumira pakhomo, atavala jekete ndi tayi ngati akupita ku msonkhano wa mpingo.

"Ndikugwirire tochi, mphwanga. Mutu umodzi susenza denga."

"Musavutike amalume, pansipa m'pozizira."

"Kukhala m'nyumbamo ndatopa nako. Bwera nayo tochiyo."

Ndikanawakaniza bwanji? Ndinagona chammbali, mutu ndi mapewa zili pansi pa benchi, iwo n'kugwada pambali panga ndi mawondo awo olira aja. Motero munthu amene ndinkamukonzera potulukira ndi amene ankandiunikira.

Ndinayamba ndi kuonetsetsa kuti palibe chingwe cholowa kuchokera kunyumba. Kenako ndinamata katepi pa waya aliyense n'kulemba kumene akupita, ndisanamuchotse pabolodi lakale. Ukapanda kutero umapeza kuti ukayatsa nyali ikulira ndi pampu. Mawaya a m'makalavani akale ali ndi mwano wake: woyera, amene ungamuyese wopanda ntchito, ndiye wobwezera magetsi, ndipo onse oyera amakumana malo amodzi. Ndinkawafotokozera amalume zonsezi mwatsatanetsatane, zimene sanafunse n'komwe, chifukwa ndinkaopa kuti ndikakhala chete ayamba kulankhula ndi iwo. Tochi ankaigwira bwino. Dzanja langa likasuntha, kuwala kunkatsatira ndisanapemphe.

Nditazula bolodi lopsa lija ndinawapatsira. Analitembenuza, n'kusolola fyuzi imodzi yakuda bii, n'kuiyang'anitsitsa.

"Kungotaya zonsezi chifukwa cha aka? Ku Ndirande tikanangokakulunga ndi kawaya, kapena pepala lonyezimira lija la m'paketi ya fodya. Kakanayaka mpaka Khirisimasi."

Ankangocheza. Ine ndi amene ndinali ndi moto m'chifuwa, ndipo unatulukira pomwepo.

"N'chifukwa chake misika imapsa kwathu kuja. Fyuzi amaiika kuti izipsa iyo m'malo mwa waya. Mukufuna munthu apsere muno ali m'tulo?"

Mawu anga anamveka aakulu m'kakalavani kaja. Sindinawakalipirepo amalume chibadwire.

"Munthu wake uti?" anafunsa mofatsa.

"Aliyense. Ifeyo, tikapita kunyanja."

"Oho, kunyanja."

Ndinalowetsanso mutu pansi pa benchi, ndipo ndinathokoza kuti nkhope yanga sinkaoneka. Ndili mmenemo ndinakumbukira nyumba yawo ya ku Limbe. Kuseri kwake kunali boyizikota, kachipinda kamodzi ka malata, kopanda munthu. Nditafika kuchokera kumudzi ndi kachikwama kanga, azakhali, akazi awo a amalume, ananena kuti ndizigona kumeneko, poti m'nyumba ana anali odzaza kale. Sanalakwe, anyamata ambiri ankagona m'maboyizikota. Koma amalume anakana. Ndinawamva ndili pakhonde akunena kuti mwana wa mlongo wawo sagona kuseri ngati wantchito. Anapanikiza ana awo pabedi limodzi, ine n'kupatsidwa langa. Zaka zonse za kusekondale ndinagona m'nyumba yaikulu, ndipo palibe tsiku limene anandikumbutsa. Tsopano ine ndinali chigonere pansi, ndikumanga boyizikota ya matayala.

Konveta yatsopano ndinaimangirira pathabwa, n'kusiya mpata kumbuyo kuti izipuma. Mawaya atatu a magetsi amphamvu ndinawalowetsa m'malo mwawo, wa khofi, wabuluu, ndi wa mizere yobiriwira ndi yachikasu amene amateteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi. Aliyense ndikamumanga ndinkamukoka kuti ndione ngati wagwira. Kuchipatala sindinagwirepo ntchito mosamala ngati tsiku limenelo. Ndinkadziuza kuti ngati ndikuwatulutsa, ndiwatulutsire pamalo poti sipadzachitika ngozi, ngati kuti waya womangidwa bwino angachepetse mlandu.

Amalume anali atandandalika mafyuzi atsopano pakatebulo ka m'kalavanimo, ofiira paokha, abuluu paokha, mwaudongo wa kalaliki. Ndikatchula mtundu ankandipatsira. Ali mkati mopatsira anayamba kufunsa, mawu ali ofewa ngati akufunsa za mvula.

"M'kabokosi ka panja kaja ndaonamo mulibe batire. Kunyanjako magetsi tikawatenga kuti?"

"Batire ndigula bwino lino."

"Ndi bwino. Nanga galimoto yako, ndimayang'ana kumbuyo kwake, sindikuonako kachitsulo kokolekapo ngolo."

"Ndikaikitsa, amalume. Zonse sizingachitike tsiku limodzi."

"Zoona." Anatola fyuzi ina. "Kunjanji bogi ya sitima ikatopa tinkaikankhira panjanji ya pambali. Inkathandizabe. Alonda ankabisalamo mvula."

Sanaseke, sanandiyang'ane. Anangondipatsira fyuzi yotsatira. Ine thukuta linali kamukamu, m'kalavani mozizira ngati mufiliji.

Nditamaliza ndinatulutsa chingwe cha lalanje chija, n'kuchiyendetsa m'mbali mwa khoma mpaka pasoketi ya panja imene ndinali nditaika pafupi ndi chitseko cha kukhitchini masiku apitawo. Amalume anandiona ndikuiika soketiyo, ndipo tsiku limenelo sanafunse kuti ndi ya chiyani. Ndinabwerera m'kalavani, n'kuyeza magetsi ndi mita mbali zonse. Zonse zinali bwino. Chala chili paswichi, ndinapemphera pemphero lopusa. Ndinapempha kuti chinachake chiphulike, konveta ikhale yakufa kuchokera kusitolo, kuti ndikamuuze mkazi wanga kuti ndayesetsa koma zakanika. Ndinakanikiza. Konveta inayamba kung'ung'udza pansipansi, nyali ya kudenga n'kuyaka, ya pasinki n'kuyakanso. Pampu inatsokomola m'thanki youma mpaka ndinaithimitsa.

Amalume anaika tochi pansi n'kuomba m'manja.

"Sukulu ndi yabwino, mphwanga. Taona kuwala kwake."

Kunatsala kanyali kowerengera kaja. Ndinali nditakokera kale waya wake, ndipo ndinakagwirizira pamwamba pa zenera loyang'ana kumsewu, pamene panali thabwa lolimba. Ndikuti ndiboole, amalume anandigwira mkono.

"Pazenerapo ayi. Kaike kuno kukona, kumutu kwa bedi. Aneba akamaona kuwala usiku uliwonse ayamba kufunsa kuti mukugona ndani muno. Mapepala anga ukuwadziwa mmene alili."

Ananena ngati mmene munthu anganenere kuti mchere wachepa m'ndiwo. Ine ndinasamutsira kanyali kaja kukonako. Bodza langa lonse la nyanja linali litagona pansi pakati pathu, ndipo iwo analilambalala mwaulemu osaliponda. Kenako anavula nsapato, n'kugona chagada pabenchi ndi jekete ndi tayi, n'kutambasula manja ngati agwira Baibulo.

"Tsitsa pang'ono. Maso angawa ndi akale. Apo, pomwepo."

Ndinalemba chizindikiro ndi pensulo pamene analoza. Ndinafuna kunena kuti pepani, kapena kuti sizili choncho, kapena kuti zili choncho koma ndasowa pogwira.

"Amalume," ndinayamba.

"Umange zolimba, kangandigwere pamphumi."

Ndinamanga zolimba. Titatuluka anandithandiza kukulunga zinyalala za mawaya, ndipo bolodi lopsa lija anakalitaya okha m'bini.

Mawa lake, titabwera kutchalitchi n'kudya, amalume anamuuza mwana kuti akwere kaye kumwamba. Anatiitana ine ndi mkazi wanga pabalaza. Iye anakhala pansi pafupi ndi khomo, miyendo atatambasula, monga ankachitira apongozi akamalankhula. Amalume anatikita manja, n'kukonza pakhosi. Pamaso pa mkazi wanga sankanditchula kuti iwe.

"Bambo ndi mayi, ndili ndi pempho. Mwandisunga bwino, sindinagonepo ndi njala, Mulungu akudalitseni. Koma ine ndakula. Usiku ndimatsokomola, ndimadzuka kawirikawiri, ndipo ndimafuna kupemphera mokweza koma ndimaopa kudzutsa anthu. Ndiye ndaona kanyumba kali panjaka. Holide ikadali kutali. Bwanji mundibwereke ndizigonamo, mdzukulu wangayu abwerere kuchipinda kwake?"

Anasenza okha katundu amene ndinkalephera kumunyamula. Anakonza nkhaniyo kuti ioneke ngati iwo ndi opempha, ine wopatsa. Ndipo apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri, chifukwa mbali yanga ndinkaidziwa. Kwathu munthu wamkulu akadzichepetsa chotere suvomera msanga. Umakana. Iye amabwereza, iwe n'kukananso mwamphamvu, ngakhale kukwiya kumene, kunena kuti anthu adzakuseka, kuti mayi ako kumudzi akamva adzalira. Nonse mumadziwa kumene nkhani ithere, koma kukanako ndi kumene kumamuuza munthu kuti akufunidwabe. Amatuluka atafunda ulemu wake. Amalume, amene anaweruza nkhani zambiri za mabanja, ankayembekezera zimenezo, ndipo zinali zosalira ndalama.

"Ayi amalume," ndinatero, "kunja kumazizira."

"Hita ilimo. Ndaiona pansi pa benchi."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndinangofuna nkhaniyo ithe, ndichoke pamaso pawo.

"Chabwino, ngati ndi kufuna kwanu."

Mawuwo anatuluka msanga ngati anali okonzeka kale pamlomo. Amalume anaphethira, n'kuyang'ana manja awo. Amene anayesa kutola zimene ndinagwetsa anali mkazi wanga. Anagwada bwinobwino.

"Apongozi, musatero. Nyumba ino ndi yanu. Mwanayu tiona pomugoneka. Anthu akamva kuti mukugona panja adzati ndife anthu otani?"

"Zikomo mayi, mwalankhula bwino. Koma eni nyumba avomera kale."

Anaomba m'manja kutithokoza, n'kukwera kukayamba kulongedza. Ife tinatsala pabalaza ngati anthu obwera kumaliro. Mkazi wanga anadzuka n'kuyamba kusonkhanitsa makapu osandiyang'ana.

"Mwavomera msanga," anatero chapansipansi.

"Si inu munati mwana wakula?"

"Ndinati mwana wakula. Sindinati muvomere ngati akukutsatsani tomato."

Ndinafuna kupsa mtima, monga mwa chizolowezi changa, koma panalibe womupsera. Ndinatuluka n'kukayendayenda mumsewu mpaka miyendo itazizidwa.

Anasamuka mkati mwa mlungu womwewo. Ndinanyamula masutikesi, mkazi wanga anayala mabulangete onse abwino a m'nyumba, ngakhale lija tinkasungira alendo. Hita ndinaitulutsa m'katoni iwo akuona. Ndinawapatsa kiyi wa chitseko cha kukhitchini kuti azilowa nthawi iliyonse akafuna bafa, chimbudzi kapena tiyi. Mwana yekha ndi amene anasangalala poyera. Anawakumbatira agogo ake, n'kuwauza m'Chingelezi kuti ali ndi mwayi, iyenso akanakonda kugona m'kalavani. Amalume anaseka, namusisita pamutu. Pofika madzulo mwanayo anali atamata kale zithunzi za oimba pakhoma la chipinda chake, ndipo ndinamumva akuimba yekha atatseka chitseko. Ndinasangalala kumumva, n'kudzidanso chifukwa chosangalala.

M'mawa mwake kunja kunachita chisanu choyera pamagalimoto. Ndinatsika kukhitchini kukateleka madzi ndisanapite kuntchito, n'kutsegula loko wa chitseko kuti amalume asavutike ndi kiyi. Chingwe cha lalanje chinali chigonere m'mbali mwa khoma, chitachita chisanu nachonso. Ndinamva chitseko cha kalavani chikutseguka, kenako mapazi pasimenti. Pagalasi la chitseko chathu panaoneka chithunzithunzi chawo, thaulo lili paphewa. Ndinayembekezera kuti chogwirira chitembenuka. Sichinatembenuke.

"Odi."

Ndinaima ndi ketulo m'manja. Miyezi yonse imene anakhala nafe, amalume sanaodirepo pakhomo pathu. Munthu saodira kwawo. Amaodira mlendo, kapena mnansi wodzapempha moto.

Mwana anali akutsika masitepe, tsitsi lili nyankhalala. "It's open, agogo," anawauza, akuyasamula.

Sanalowe. Anadikira pang'ono, mpweya wawo ukuchita nthunzi pagalasi.

"Odi kuno."

Ankadikira mwini nyumba. Ndinadziwa kuti ndikayankha ndavomereza kuti iwo tsopano ndi a panja, ndipo ndikapanda kuyankha aimabe pachisanupo, munthu wa imvi, ndi sopo m'manja. Ndinaika ketulo pansi.

"Odini, amalume. Lowani."

Anatsegula pang'onopang'ono, n'kupukuta nsapato pachopondera nthawi yaitali, ngakhale zinalibe dothi. Anandipatsa moni wa m'mawa, anafunsa mmene mayi adzukira, anafunsanso za mdzukulu wawo amene anali ataima pomwepo. Atatha zonsezo anayang'ana kumasitepe, n'kundiyang'ana ine.

"Ngati kubafako kulibe munthu, bambo, ndisambe nawo."